Tilipo 32 ndipo tikufuna kukagona m'matenti pa Mount Tamalpais: tiyambire pati?

"Zikomo. Ndine mayi wa ku Malawi, ndimakhala ku Oakland m'chigawo cha California. Kumpingo kwathu andisankha kuti ndikonze ulendo wokagona m'matenti masiku awiri m'mwezi wa Julayi. Tilipo 32: akuluakulu 22, kuphatikizapo agogo awiri, ndi ana 10, wamng'ono kwambiri wa zaka 3. Wina watiuza za Mount Tamalpais State Park poti ndi pafupi, komanso kuli phiri ndi nyanja yomwe. Ambirife sitinagonepo m'tenti. Ena akuopa mikango ya m'phiri ndi njoka, ena akuti kopanda nsima sapitako. Ine tulo sindikupeza. Kodi tiyambire pati, ndipo titenge chiyani?"

Mayi, mtima m'malo. Ulendowu ndi wotheka ndithu, ndipo malo amene akuuzaniwo ndi abwino kwa anthu oyamba kumene: pali madzi a m'mipope, zimbudzi zogejemula, matebulo, ndipo tawuni ya Mill Valley ili mmunsi mwa phirilo ngati mwaiwala kanthu. Koma mantha a gulu lanu alunjika kolakwika. Mkango wa m'phiri ulipodi m'dera limenelo, koma ndi nyama yobisala imene anthu ambiri oyenda m'phirimo zaka zonse sanaionepo. Chimene chimaononga maulendo otere ndi kuzizidwa usiku, chakudya chochedwa kupsa, lamulo loletsa moto limene lafika gulu lisanakonzeke, ndi magalimoto ochuluka kuposa malo oimikapo. Zonsezi zimatheka kuzithetsa mukadali kunyumba.

Tiyambe ndi malo. Pakiyi ili ku Marin County, kumpoto kwa mlatho wa Golden Gate. Misasa ya Pantoll ndi Bootjack ndi ya timagulu ting'onoting'ono, wofika msanga ndiye amatenga, choncho musaiganizire n'komwe. Malo a gulu ngati lanu ndi Alice Eastwood Group Camp, amene ali pakamsewu kopatuka pa Panoramic Highway, kumtunda kwa nkhalango ya Muir Woods. Dzinalo ndi la mayi katswiri wa zomera wa ku California Academy of Sciences, amene anapulumutsa zitsanzo zamtengo wapatali za zomera pa chivomezi ndi moto wa ku San Francisco mu 1906. Msasawu uli ndi mbali ziwiri: mbali A imalola anthu 50, mbali B anthu 25. Inu muli 32, ndiye mbali A basi. Musayese kudzipanikiza mu B poganiza kuti ana sawerengedwa. Werengani mutu uliwonse, ngakhale alendo amene akuti adzangobwera masana kudzadya nanu. Alonda a mapaki a California ali ndi mphamvu ngati za apolisi, ndipo kupyola chiwerengero kungakubwezeni kunyumba matenti atakhomedwa kale.

Kubukitsa kumachitika pa webusaiti ya ReserveCalifornia, ndipo tsiku lililonse limatsegulidwa miyezi 6 lisanafike, 8 koloko m'mawa. Ngati mukufuna Lachisanu la mu Julayi, khalani pakompyuta tsiku lolingana nalo mu Januwale, akaunti mutatsegula kale, khadi la kubanki lili pambali. Masiku a kumapeto kwa sabata m'chilimwe amatha mofulumira kwambiri. Gwirizanani masabata atatu osiyanasiyana musanakhale pansi, kuti loyamba likakhala latengedwa musayambe kuimbirana mafoni pamene enanso akutha. Zikakanika, yang'anani misasa ya magulu ku Samuel P. Taylor State Park, m'mphepete mwa msewu wa Sir Francis Drake m'boma lomwelo. Munthu amene dzina lake lili pabukingi ndiye amayankha pa chilichonse chimene gulu lachita, choncho akhale munthu amene adzafike woyamba n'kuchoka womaliza. Za ndalama, tolerani msonkhamsonkha musanalipire, ndipo nenani poyera kuti wosintha maganizo sabata yomaliza sabwezeredwa. Mawu amenewa ndi owawa kuwanena kumpingo, koma akapanda kunenedwa mtolo wonse umagwera inu nokha.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetse kuposa ina iliyonse, nyengo. Julayi ku California ndi chilimwe, mvula sigwa, ndipo munthu wochokera ku Oakland atavala malaya opepuka amaganiza kuti kuphiri kukhala chimodzimodzi. Ayi. Madzi a nyanja ya Pacific pagombe limeneli ndi ozizira kwambiri, ndiye mpweya wachinyezi ukadutsa pamwamba pake umasanduka chifunga, ndipo madzulo mphepo imachikankhira m'zigwa za phirilo. Amene anakhalapo ku Thyolo kapena ku Mulanje akumbukire chiperoni: simvula yeniyeni, koma chilichonse chimanyowa ndipo kuzizira kumalowa m'mafupa. Masamba a mitengo ya redwood amakola chifungacho n'kumadontheza madzi usiku wonse, moti munthu ali m'tenti amayesa kukugwa mvula. Kutentha kumatsika mpaka cha m'ma madigiri 10. Chodabwitsa n'chakuti pamwamba pa phiri, pa East Peak pamene ndi mamita 784, nthawi zambiri pamakhala pamwamba pa chifungacho, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku limodzi lomwelo mwana angapse ndi dzuwa masana n'kumanjenjemera usiku.

Munthu wogona m'tenti amazizidwa kuchokera pansi koposa pamwamba. Nthaka imayamwa kutentha kwa thupi, ndipo mbali ya bulangete kapena sleeping bag imene mwaigonera imaphwatalala n'kusiya kugwira ntchito. N'chifukwa chake aliyense, mwana yemwe, ayenera kukhala ndi chogonera chake chotchinga kuzizira, kaya kamatiresi ka thovu kopindika kaya kopopa kamene kanapangidwira kutchire. Pogula kapena kubwereka yang'anani nambala yotchedwa R-value, yosonyeza mmene chogonera chimatchingira kuzizira, ikhale 2 kapena kuposa. Matiresi aakulu opopa a m'nyumba aja, amene anthu amagoneka alendo, ndi ofewa koma ozizira, chifukwa mpweya wa m'kati mwake umazizira pamodzi ndi nthaka. Ngati agogo akufuna amenewo chifukwa cha msana, yalani bulangete lochindikala pamwamba pa matiresi, iwo agone pabulangetepo, kenaka afunde. Sleeping bag ikhale yolembedwa madigiri 0, kapena 30 pa muyeso wa Fahrenheit. Nambala imeneyo nthawi zambiri imanena malire amene munthu angapirire, osati pamene angagone mokoma, ndiye musaone ngati mwachulutsa. Amene alibe atenge mabulangete awiri a m'nyumba, amagwira ntchito bola akhale ouma.

Zovala zogonera zikhale zapadera, zosungidwa m'pulasitiki, zosavalidwa masana: buluku lofunda, juzi, masokosi ouma ndi chipewa choluka. Nsalu ya thonje ikanyowa ndi thukuta kapena chifunga imachedwa kuuma ndipo imazizira, choncho majini ndi matisheti amene mwayenda nawo masana asalowe m'zofunda. Mwana wa zaka 3 uja agone pakati pa makolo, ndipo dzuwa likangopendeka muvekeni jekete asanayambe kunjenjemera, pakuti kusunga kutentha n'kosavuta kusiyana ndi kukubweza kutachoka. Botolo lolimba la madzi ofunda, lotsekedwa bwino n'kulowetsedwa m'sokosi, limathandiza kwambiri kumapazi a agogo. Munthu akayamba kunjenjemera kosalekeza, kulankhula mosokonekera kapena kuyenda modzandira, muchotseni zonyowa, mumufunditse, mumulowetse m'galimoto yotenthetsa, ndipo ngati sakusintha imbani 911.

Matenti musagule onse. Masitolo ngati Sports Basement amabwereketsa matenti, zogonera ndi masitovu, ndipo kwa ulendo woyamba kubwereka n'kwanzeru. Chiwerengero cholembedwa patenti chimawerenga anthu ogona mothithikana opanda katundu, ndiye tenti ya anthu 4 ndi ya akuluakulu awiri ndi mwana, ya anthu 6 ndi ya banja la anthu 4. Gulu lanu lifuna matenti 9 mpaka 11. Tenti iliyonse ikhale ndi chinsalu chake chapamwamba chotchinga madzi, chofika pafupi ndi pansi. Banja lililonse liyese kukhoma tenti yake pabwalo la kunyumba sabata imodzi ulendo usanafike. Pamenepo m'pamene mumazindikira kuti ndodo imodzi palibe kapena zipi inafa kale, osati kutchire mdima ukugwa.

Pofika, musanatsitse katundu, yang'anani kumwamba. M'boma la Marin muli matenda a mitengo otchedwa sudden oak death, amene anayamba kuoneka cha m'ma 1995 ndipo apha mitengo yambiri ya oak ndi tanoak. Mtengo wouma kapena nthambi yolendewera ingagwe popanda chenjezo, choncho pansi pake pasagone munthu. Khomani pamalo okonzedwa kale, tolani miyala ndi timitengo, ndipo pamalo otsetsereka mutu ukhale kumtunda. Lona imene mumayala pansi pa tenti isatulukire kunja kwa tenti. Ikatulukira imakola madontho onse n'kuwalowetsa pansi panu. Ipindeni m'mbali kuti ibisike. Zikhomo zikhomedwe zopendekera kutali ndi tenti, ndipo zingwe za m'mbali zikokedwe kuti chinsalu chapamwamba chisakhudze cha m'kati, chifukwa pamene zakhudzana m'pamene madzi amalowera. Timazenera tapamwamba tisiyeni totsegula ngakhale kukuzizira. Mpweya wa anthu opuma m'tenti yotsekedwa ponseponse umasanduka madzi pakhoma, ndipo m'mawa anthu amadandaula kuti tenti ikudontha pamene madziwo ndi awo omwe. Tenti ya agogo ndi za mabanja a ana aang'ono zikhale pafupi ndi chimbudzi, achinyamata kumapeto, khitchini patali pang'ono ndi matenti onse. Mangani kansalu koyera pazingwe, pakuti usiku ana amakodwa nazo.

Chimodzi chokha chimene sindilolera kukambirana: mbaula, sitovu, nyali ya gasi kapena makala oyaka zisalowe m'tenti, ngakhale pakhomo pake. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, umagoneka munthu tulo tosadzuka, ndipo nsalu ya tenti imayaka m'kanthawi kochepa. Nenani zimenezi pamaso pa gulu lonse, makamaka kwa amene anazolowera kuotha mbaula m'nyumba nthawi yozizira.

Moto ku California si nkhani yamasewera. Kuyambira pakati pa chilimwe mpaka mvula itayamba cha mu Novembala, udzu ndi tchire zimakhala zouma gwa. Akadaulo a zanyengo akaona mphepo yamphamvu youma amalengeza Red Flag Warning, ndipo pa Mount Tamalpais zikatero moto wa nkhuni ndi makala umaletsedwa, misewu ina ya kumtunda imatsekedwa. Chenjezoli limabwera tsiku limodzi kapena awiri okha patsogolo. Ndiye musamange ndondomeko ya chakudya pamoto wa nkhuni kapena pa kuotcha nyama pamakala. Maziko akhale masitovu a gasi, ndipo sungani chakudya cha tsiku lathunthu chosafuna kuphika: buledi, chiponde, nsomba za m'chitini, zipatso, nkhuku yootcheratu kunyumba. Imbani ku ofesi ya alonda ya Pantoll masiku awiri musananyamuke, mufunse chimene chikuloledwa sabata imeneyo, kuphatikizapo sitovu ya gasi imene, komanso mmene mungatsegulire geti la kamsewu kolowera kumsasa. Moto ukaloledwa, uyake pamalo okonzedwa okha. Kutola nkhuni m'paki n'koletsedwa, ndipo nkhuni zochokera kutali zimafalitsa tizilombo ndi matenda a mitengo, choncho gulani za m'dera lomwelo. Pozimitsa thirani madzi, takasani phulusa, thiraninso, mpaka kuseri kwa dzanja kusamve kutentha mukakuyandikitsa. Kukwirira ndi dothi sikuzimitsa, makala amakhala amoyo pansi mpaka m'mawa.

Anthu a nsima aja auzeni kuti idzadyedwa, koma ikonzekeredwe. Sitovu yaing'ono ya mafuwa awiri imene anthu ambiri amapita nayo kutchire siingathe nsima ya anthu 32. Moto wake ndi wochepa, poto wamkulu sakhazikika, ndipo mukayamba kuvundula ndi mphamvu imagwedezeka. Bwerekani sitovu ya miyendo yachitsulo yoima pansi, ya moto wamphamvu pafupifupi 30,000 BTU pafuwa lililonse, yolumikiza ku silinda yaikulu ya makilogalamu 9. Timasilinda tobiriwira ta magalamu 450 timatha pafupifupi ola limodzi mafuwa awiri akayaka mwamphamvu, ndiye tisiyireni tiyi ndi mazira. Silinda yaikulu imodzi yodzaza imakwana masiku awiri, koma dziwani kuti zosinthanitsa za pamasitolo nthawi zambiri sizidzazidwa mpaka pakamwa. Yachiwiri ikhale panja, osati m'galimoto, yoimirira, pamthunzi. Mukalumikiza payipi pakani madzi a sopo polumikizirapo, thovu likatukusira ndiye kuti gasi akutuluka. Mphepo ya madzulo imaba moto, poto n'kukhala nthawi yaitali osawira, choncho ikani sitovu pamalo obisika ndipo vundikirani poto.

Ufa werengani magalamu 150 mpaka 200 pa wamkulu aliyense, theka lake pa mwana. Kwa inu ndi makilogalamu pafupifupi 5 pa chakudya chimodzi, ndi madzi malita 15 mpaka 20. Musaphike mumphika umodzi. Nsima yochuluka choncho imalemera, pansi imapserera pamwamba isanapse, ndipo dzanja limatopa isanalimbe. Gawani m'mapoto awiri a malita 20 ochindikala pansi, aliyense ndi mthiko wake wautali, wina agwire poto ndi nsalu pamene mnzake akuvundula. Gulani ufa woyera wosalala wa chimanga. Masa harina wa m'masitolo a anthu a ku Mexico ndi chimanga chophikidwa ndi laimu (njereza), kakomedwe kake n'kena ndipo nsima yake siikhala ija mukuifuna. Langizo langa ndi lakuti nsima ikhale ya Loweruka madzulo pokha, pamene aliyense wakhazikika. Lachisanu anthu amafika mosiyana, otopa, ena mdima utagwa, ndiye chakudya chikhale chongotenthetsa. Nyemba, nyama ya msuzi ndi ndiwo zotendera phikiranitu kunyumba, muziumitse mufiriji m'mapaketi afulati. Zikatero zimagwira ntchito ya ayezi m'cooler box, ndipo kutchire mumangotenthetsa mpaka ziwire.

Ma cooler box akhale osachepera atatu: la nyama yaiwisi lokha, la zophikaphika ndi mkaka, ndi la zakumwa. La zakumwa ana amalitsegula kosalekeza, n'chifukwa chake lisasakanikirane ndi chakudya. Ayezi wa chibuma amakhalitsa kuposa wa timiyala. Mabotolo a malita 2 a madzi oumitsidwa ndi abwino kwambiri poti akasungunuka mumamwa. M'kati muzikhala madigiri 4 kapena kutsikirapo, ndipo kathemometa kotchipa kamathetsa mkangano. Chakudya chophikidwa chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, mpunga makamaka. Nkhuku ipse mpaka pafupa, madigiri 74 m'kati. Kutsegula m'mimba kukalowa m'gulu logwiritsa zimbudzi zochepa kumafalikira msanga, choncho ikani chigubu cha madzi ndi sopo pakhomo la khitchini, ndipo wodwala m'mimba asagwire chakudya cha anthu. Mbale tsukani m'mabeseni atatu: la madzi ofunda a sopo, lotsukuluza, ndi lomaliza lothira supuni yaikulu imodzi ya jiki wopanda zonunkhiritsa pa malita 4. Madzi otsukira asefedwe, nyenyeswa zipite m'zinyalala.

Akuba a pamsasa ndi tinyama ta mizere kumchira totchedwa raccoon usiku, akhwangwala ndi mbalame za buluu zotchedwa Steller's jay masana, ndi mavu achikasu kumapeto kwa chilimwe. Raccoon ali ndi timanja totsegula cooler box ndi zipi ya tenti. Musanagone chakudya chonse, zinyalala, mapoto a mkute, ngakhale mankhwala otsukira mano, zilowe m'mabokosi osungira chakudya ngati alipo kapena m'galimoto yotseka mawindo. M'tenti musalowe ngakhale bisiketi. Ana asadyetse nyama iliyonse, ndipo wolumidwa kapena kukandidwa ndi raccoon atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Zakumwa za m'zitini thirani m'makapu, mavu amalowa m'chitini munthu osaona. Funsiranitu ngati pali amene thupi lake limadana ndi mbola, ndipo wotero asasiye jakisoni wake wa epinephrine.

M'tchiremo chimene chidzakhudze anthu anu mosakayika ndi chomera chotchedwa poison oak. Chimamera m'mbali mwa njira zambiri, ngati chitsamba kapena choyanga pamtengo, masamba ake ali atatuatatu, obiriwira monyezimira kumayambiriro, ofiira chilimwe chikamatha. Mafuta ake amamatirira pakhungu, pazovala ndi pansapato, ndipo zidzolo zoyabwa za matuza zimatuluka patapita tsiku limodzi mpaka atatu. Onetsani ana chithunzi chake musananyamuke, avale mabuluku aatali, ayende pakati pa njira. Wokhudza asambe msanga ndi sopo wotsukira mbale ndi madzi ozizira, zovala zilowe m'pulasitiki. Ana asathyole timitengo tootchera zinthu pamoto, popeza tsinde lopanda masamba limakhalabe ndi mafutawo, ndipo utsi wake ukalowa m'mapapo ndi nkhani ya ambulansi. Zidzolo za kumaso, kumaliseche kapena zofalikira thupi lonse zimafuna dokotala.

Nkhupakupa za kumeneko zina zimafalitsa matenda a Lyme. Zing'onozing'ono, zonga kambewu ka mpiru, zimachuluka kuyambira cha mu Marichi mpaka kumayambiriro kwa chilimwe, ndipo zimakonda zipika ndi masamba ogwa, choncho musakhale pazipika. Pakani mankhwala a DEET a 20 mpaka 30 peresenti, ndipo madzulo aliwonse makolo ayang'ane ana kuseri kwa makutu, m'tsitsi, m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Mukaipeza igwireni ndi kopanira kosongoka pafupi ndi khungu, mukoke molunjika pang'onopang'ono. Musaiotche kapena kuipaka mafuta. Kuichotsa tsiku lisanathe kumachepetsa kwambiri mwayi wodwala. Lembani tsikulo, ndipo ngati m'mwezi wotsatira munthuyo amva malungo, kuphwanya kwa thupi kapena aona banga likukula, apite kwa dokotala n'kunena za nkhupakupayo. Pakhungu lakuda bangalo nthawi zambiri silioneka lofiira ngati pazithunzi za m'mabuku, limaoneka lodera ngati pamene munthu wamenyedwa, ndiye musadikire kuona mkombero wofiira.

Njoka yoopsa ndi imodzi, rattlesnake, ndipo imakonda malo adzuwa amiyala. Ipatseni njira. Wolumidwa avule mphete ndi zothina, akhale phee, ndipo imbani 911. Osatema, osayamwa, osamanga chingwe. Mukakumana ndi mkango wa m'phiri musathawe: nyamulani ana, imani pamodzi, kwezani manja, fuulani, bwererani chambuyo mukuuyang'ana. Ndiwonjeze ichi ngakhale mukupita mu Julayi: mukadzabwerera nthawi ya mvula, bowa wa m'nkhalango za kumeneko musatole. Pansi pa mitengo ya oak pamamera wotchedwa death cap, wooneka bwino ngati wodyedwa wa kwathu, ndipo amaononga chiwindi mpaka kupha.

Loweruka musakakamize anthu 32 kuyenda njira imodzi. Agogo ndi ana aang'ono apite pagalimoto ku East Peak, kumene kuli njira yosalala ya Verna Dunshee yozungulira nsonga, yopitirira pang'ono kilomita imodzi, yoonetsa San Francisco ndi nyanja. Pomwepo pali kanyumba kosungira mbiri ya njanji yokhotakhota imene inkakwera phirili kuyambira 1896. Apakatikati atsike wapansi kuchokera pamsasa kulowa ku Muir Woods, nkhalango imene Theodore Roosevelt anaiteteza mu 1908, ya mitengo ya zaka 600 mpaka 800. Wopita pagalimoto kumeneko amayenera kubukitsiratu poimika, pamene inu mukungotsetsereka; a zaka 16 kupita m'tsogolo amalipira polowa, ndipo kumbukirani kuti pobwerera ndi chikweza. Amphamvu atenge njira ya Matt Davis kuchokera ku Pantoll kutsikira ku Stinson Beach n'kukwera kudzera ku Steep Ravine, makilomita pafupifupi 11, ndi makwerero a mtengo pamalo ena. Aliyense anyamule madzi malita 2. Gulu lililonse likhale ndi wamkulu kutsogolo ndi wina kumbuyo, liwerengedwe ponyamuka ndi pamphambano iliyonse, ndipo ana akhale ndi wezulo pakhosi, atauzidwa kuti akasochera aime pomwepo n'kumaimba.

Ku Stinson Beach samalani kwambiri. Madzi ake amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15 ngakhale mu Julayi, ndipo amafoola manja ndi miyendo m'mphindi zochepa. Palinso mikokomo ya madzi yokokera munthu kuya. Kudziwa kusambira m'madzi ofunda odekha sikukwanira pano. Ana azisewera m'mphepete pafupi ndi opulumutsa anthu, wamkulu mmodzi ali ndi ntchito yowayang'ana yokha, osafulatira nyanja. Wokokedwa asalimbane ndi madzi, ayandame kapena asambire motsata gombe mpaka atuluke mumkokomowo.

Magalimoto ololedwa pamsasa ali ndi malire, ndipo chiwerengero chake chimalembedwa pabukingi. Kwezanani, ndipo katundu wa khitchini apite m'galimoto imodzi yoyamba. Kuchokera ku Oakland mudzera mlatho wa Richmond-San Rafael, kenaka msewu wa 101 kulowera kummwera, Highway 1, ndiye Panoramic Highway, msewu wopapatiza wokhotakhota wodzaza ndi apanjinga. Ana ochita chizungulire m'galimoto asadye kwambiri ponyamuka. Netiweki ya foni imaduka m'zigwa, choncho dalaivala aliyense asunge mapu pafoni ndipo alandire malangizo a geti asanachoke kunyumba. Lowani masana, nthawi ikangokwana, kuti matenti aime kukuwala. Magetsi musawayembekezere, aliyense akhale ndi tochi yakeyake, yabwino ndi yovala pamphumi.

Inu Mayi musasenze zonse. Sankhani wa khitchini, wa moto ndi gasi, wa ana, wa zinyalala, ndi wa chithandizo choyamba amene asunge pepala la mankhwala ndi matenda a aliyense, makamaka agogo, a shuga ndi a mphumu. Amene ali ndi vuto la mtima kapena mayi woyembekezera aonane ndi dokotala wake ulendo usanafike. Monga mpingo mudzafuna kuimba, ndipo imbani, koma ndi pakamwa: zimkuzamawu zisiyeni, ndipo kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 m'mawa ndi nthawi yachete, mbali B ikhoza kukhala ndi gulu lina la ana ogona.

Lamlungu muyenera kuchoka pofika 12 koloko masana, ndipo chifunga chimakhala chisanaumitse matenti. Yambani ndi kutulutsa zofunda, yanikani zinsalu zapamwamba pachingwe pamene mukudya kadzutsa, kenaka gulu lonse lifole mzere n'kuyenda pamsasa kutola chilichonse, zikhomo zotsalira m'nthaka zomwe. Tsukani matope kunsapato musanakwere galimoto kuti musanyamule matenda a mitengo aja. Tenti yopindidwa yonyowa imachita nkhungu m'masiku awiri kapena atatu, choncho mukafika ku Oakland iyanikeni tsiku lomwelo, ya kubwereka yomwe, musanaibweze kusitolo.